Kulimbikitsa Moyo Pakati pa Eni Nthaka a ku Canada: Mafunso ndi Mayankho

Ku Canada kuli mawu amene akumveka kwambiri pakati pa ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo. M'Chingerezi amati life promotion, ndipo pano tiziti "kulimbikitsa moyo". Mawuwa anakulira pakati pa eni nthaka a dzikolo, makamaka achinyamata awo, amene anatopa ndi kutchulidwa pa nkhani za maliro zokhazokha. Nkhaniyi ikukhudza kudzipha, choncho ndi yolemera. Ngati mtima wanu uli kale pachilonda, yambani ndi funso lomaliza.

Kodi "eni nthaka a ku Canada" ndi ndani?

Ndi mbadwa za anthu amene azungu anawapeza m'dzikolo. Malamulo a Canada amawaika m'magulu atatu: a First Nations, a Inuit ndi a Métis. Kalembera wa 2021 anawerenga anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, kutanthauza anthu 5 pa 100 aliwonse m'dzikolo. A First Nations ndi oposa miliyoni imodzi ndipo ali ndi midzi yoposa 630. A Métis, amene makolo awo anachokera ku maukwati a eni nthaka ndi azungu ogula zikopa za nyama, ndi oposa 600,000. A Inuit ndi pafupifupi 70,000, ndipo ambiri amakhala kumpoto kwenikweni, m'madera anayi: Nunavut, Nunavik, Nunatsiavut ndi Inuvialuit.

Musawaike m'thumba limodzi. Ziyankhulo zawo zimaposa 70, ndipo munthu wa mtundu wa Cree wa ku James Bay ndi wa mtundu wa Haida wa kugombe la Pacific ndi osiyana kuposa mmene Mtumbuka amasiyanirana ndi Msena.

Kulimbikitsa moyo kukusiyana bwanji ndi kupewa kudzipha? Si mawu okometsera chabe?

Kusiyana kulipo, ndipo kwagona pa funso limene munthu akuyambira. Wopewa kudzipha amafunsa kuti: ndani ali pangozi, ndipo timuletse bwanji? Amayang'ana zizindikiro, amalemba mayina, amakonza galimoto kapena ndege yopita kuchipatala. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo palibe amene akuti ithe.

Wolimbikitsa moyo amafunsa funso lina: n'chiyani chimene chingapangitse mwana wa m'mudzi muno kufuna kukalamba? Funso limeneli silidikira kuti munthu afike pamapeto. Limayambira pa khanda, pa agogo amene akulipatsa dzina, pa mnyamata amene akuphunzira kutchera ukonde, pa nyumba imene denga lake silidontha. Limafunsidwa za mudzi wonse, osati za "odwala" okha.

Achinyamata ena anaona kuti msonkhano uliwonse wa kwawo unali ndi mawu akuti kudzipha pachikwangwani, ndipo mwana wokulira pakati pa zikwangwani zoterozo amayamba kuganiza kuti ndiyo nkhani ya mtundu wake. M'ziyankhulo zawo munali kale mawu a chinthu chimene ankafuna. A Anishinaabe amati mino-bimaadiziwin, a Cree amati miyo-pimâtisiwin, ndipo onse akutanthauza moyo wabwino, woyenda bwino ndi anthu, nthaka ndi Mlengi. Choncho sanapeke chatsopano ayi. Anafukula chimene chinakwiriridwa.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe la boma lowerengera anthu, Statistics Canada, linatulutsa lipoti mu 2019 loona zaka za 2011 mpaka 2016. Pa anthu 100,000 aliwonse pachaka, amene anadzipha anali 8 mwa anthu omwe si eni nthaka, pafupifupi 15 mwa a Métis, 24 mwa a First Nations, ndi 72 mwa a Inuit. Ndiye kuti kwa a First Nations chiwerengero chinali kuwirikiza katatu, kwa a Inuit kasanu ndi kanayi. Amene akhudzidwa kwambiri ndi achinyamata.

Manambala amenewa ndi oona, koma amabisa chinthu chachikulu: vutoli silinamwazike mofanana. Kuli midzi imene imalira maliro otere chaka ndi chaka, ndipo kuli ina yambirimbiri imene yatha zaka osaona ngakhale amodzi. Tibwereranso pa mfundoyi, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Kodi si khalidwe lawo kuyambira kale, kapena zotengera ku mtundu?

Ayi. Chikanakhala cha m'magazi, sichikanasiyana chotere pakati pa midzi iwiri ya mtundu umodzi. Ndiponso chili ndi chiyambi chake chodziwika. Kwa a Inuit, kudzipha kwa achinyamata kunali kosowa mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900. Ofufuza monga Jack Hicks anaonetsa kuti chiwerengero chinayamba kukwera ku Alaska, kenako ku Greenland, kenako kum'mawa kwa Arctic ya Canada, motsatana ndi nthawi imene maboma anasonkhanitsa anthu m'midzi yokhazikika. Amene anakhudzidwa koyamba anali ana a mbadwo umene unasamutsidwawo.

Taonani zimene mbadwo umenewo unaona. Mu 1953 ndi 1955 boma linasamutsa mabanja a Inuit kuchoka ku Inukjuak n'kukawasiya ku Resolute ndi Grise Fiord, kutali kumpoto komwe dzuwa silituluka miyezi ingapo. Odwala chifuwa chachikulu ankatengedwa pa sitima kupita ku zipatala za kumwera, ena osabwerako, abale awo osauzidwa ngakhale pomwe anaikidwa. Agalu okoka katundu pa chipale, amene anali miyendo ya mlenje, anaphedwa ambiri pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1970. Anthu anapatsidwa timendulo ta manambala tovala m'khosi, chifukwa akuluakulu a boma mayina awo ankawavuta. Bambo amene dzulo ankadyetsa banja lonse ndi luso lake anadzuka ali pamzere wa chithandizo cha boma, ana ake akuona.

Nanga sukulu zogonera komweko zimene zimatchulidwa kawirikawiri, zinalakwa chiyani? Kuno makolo amalimbirana malo ku sukulu zoterezi.

Dzina ndi lofanana koma chinthu ndi china. Kuno kholo limasankha, limagula sutikesi ndi shuga, ndipo mwana akabwera pa tchuthi amayankhulabe chiyankhulo cha kwawo. Ku Canada cholinga cha sukuluzi chinali kuchotsa mwana m'manja mwa makolo ake kuti aleke kukhala wa mtundu wake. Boma linkapereka ndalama, mipingo ya Katolika, Anglican, Methodist, Presbyterian ndi United inkayendetsa. Kuyambira 1920 lamulo linkakakamiza, ndipo kholo lokaniza mwana likanatha kumangidwa.

Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'sukulu zoposa 130. Ankametedwa tsitsi, kupatsidwa nambala, kulekanitsidwa ndi alongo awo, ndi kumenyedwa akayankhula chiyankhulo chawo. Ambiri anagwiriridwa. Mu 1907 dokotala wa boma, Peter Bryce, analemba za mmene chifuwa chachikulu chinkapululira ana m'sukuluzi, koma malangizo ake sanatsatidwe. Sukulu ya Gordon ku Saskatchewan inatsekedwa mu 1996 momwemu. Pa nthawi yomweyo miyambo ikuluikulu inali yoletsedwa: phwando la potlatch linali mlandu kuyambira m'ma 1880 mpaka 1951.

Pa 11 Juni 2008 nduna yaikulu Stephen Harper anapepesa m'nyumba ya malamulo. Komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, yotsogozedwa ndi woweruza milandu Murray Sinclair, inamva anthu oposa 6,000, inapeza umboni wa ana oposa 3,200 amene anafera kusukuluko, ndipo mu 2015 inati zimene zinachitikazo kunali kupha chikhalidwe cha mtundu wa anthu. Inasiya mfundo 94 zoti zichitike. Papa Francis anakapepesa ku Maskwacis, Alberta, mu Julaye 2022.

Koma zimenezo zinatha. Zikukhudza bwanji mwana wobadwa mu 2010?

Kulera mwana amaphunzira poleredwa. Munthu amene anatengedwa ali ndi zaka 6 n'kubwezedwa ali ndi zaka 16 sanaone mmene mayi amatonthozera mwana wolira usiku, kapena mmene bambo amadzudzulira popanda chikwapu. Chimene anaphunzira ndi belu, mantha ndi kukhala chete. Atabereka ake anawakonda ndithu, koma chikondicho chinalibe njira yotulukira, ndipo ambiri anakathira mowa pachilondapo. M'mabanja ena izi zinachitika mibadwo itatu kapena inayi yotsatizana. Amy Bombay, katswiri wa za maganizo yemwenso ndi wa mtundu wa Anishinaabe, ndi anzake anapeza kuti ana a anthu amene anapita ku sukuluzi amavutika kwambiri ndi kukhumudwa ndi maganizo odzipha kusiyana ndi eni nthaka anzawo amene makolo awo sanapiteko.

Ndiponso kutenga ana sikunathe ndi sukulu. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 ogwira ntchito zosamalira ana anatenga ana pafupifupi 20,000 n'kuwapereka ku mabanja a azungu, ena mpaka kunja kwa dziko. Kalembera wa 2021 anapeza kuti mwa ana aang'ono oleredwa m'manja mwa boma, oposa theka anali a eni nthaka, pomwe mwa ana onse a m'dzikolo iwo safika 8 pa 100. Mawu akuti "zinatha" amavuta kuwanena pamaso pa manambala amenewa.

Pali umboni wanji woti chikhalidwe chimateteza moyo?

Umboni wotchuka kwambiri unachokera ku British Columbia. Michael Chandler ndi Christopher Lalonde anaunika imfa za achinyamata m'midzi ya First Nations pafupifupi 200 pa zaka za 1987 mpaka 1992, n'kusindikiza zotsatira mu 1998. Choyamba chimene anaona ndi chija tanena: midzi yoposa theka inalibe wachinyamata ndi mmodzi yemwe wodzipha pa zaka zonsezo, pomwe imfa zambiri zinaunjikana m'midzi yowerengeka.

Anafunsa kuti midzi yopulumukayo ili ndi chiyani. Anayesa zinthu 6: kodi mudziwo uli ndi ulamuliro wakewake; kodi ukumenyera nthaka yake kukhoti kapena pa zokambirana; kodi ukuyendetsa wokha sukulu; za umoyo; apolisi ndi ozimitsa moto; ndipo kodi uli ndi nyumba yochitiramo za chikhalidwe. Chinthu chilichonse chikawonjezeka, imfa zinkatsika. Kumene kunali zonse 6, imfa zinali pafupifupi ziro. Kumene kunalibe ngakhale chimodzi, chiwerengero chinali chokwera koopsa. Champhamvu kuposa zonse chinali kudzilamulira.

Muone bwino mndandandawo. Anthu ambiri akamva "chikhalidwe" amaganiza za magule ndi nthenga kumutu, koma zisanu mwa zinthu 6 zija ndi nkhani ya amene wagwira chiwongolero. Mwana akamaona azakhali ake ali mkulu wa sukulu ndipo malume ake akusaina mapepala a kiliniki, amadziwa kuti anthu a kwawo ali ndi mawa, ndipo iyenso ali m'menemo. Akuluakulu athu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwa zaka zoposa 100, kuyambira lamulo la Indian Act la 1876, limene linaika moyo wa a First Nations m'manja mwa boma, kiyi wa chitsekocho anali ku Ottawa, likulu la dzikolo.

Tinene chilungamo: kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, satsimikiza kuti ichi chokha ndicho chachititsa icho. N'kutheka kuti mudzi umene uli kale wamphamvu ndi umene umatha kulanda ulamuliro. Komabe atabwereza ndi zaka zotsatira anapezanso chithunzi chomwecho, n'kuwonjezapo zinthu zina ziwiri zothandiza: amayi kukhala ambiri mu utsogoleri wa mudzi, ndi mudzi kudziyendetsera wokha zosamalira ana.

Chiyankhulo chikulowapo bwanji?

Mu 2007 Darcy Hallett pamodzi ndi Chandler ndi Lalonde anayang'ana chiyankhulo pachokha. M'midzi yochepa imene theka la anthu kapena kuposerapo ankatha kucheza m'chiyankhulo chawo, kudzipha kwa achinyamata kunali kotsika kwambiri, kwina kunalibiretu. Sikuti mawu ali ndi mankhwala. Koma mwana amene amamva nthabwala za agogo ake ali ndi munthu wina wothawirako usiku ukatalika. Canada inakhazikitsa lamulo loteteza ziyankhulo za eni nthaka mu 2019, pomwe zambiri mwa izo zatsala ndi okalamba owerengeka ozilankhula bwino.

Timamva za "zinthu zinayi". Ndi ziti?

Mu 2015 bungwe la mafumu a First Nations, Assembly of First Nations, pamodzi ndi unduna wa za umoyo ndi mabungwe a eni nthaka monga lomwe lero limatchedwa Thunderbird Partnership Foundation, anatulutsa ndondomeko ya umoyo wa m'maganizo. Iwo sanayeze umoyo ndi kusowa kwa matenda. Anati munthu ali bwino akakhala ndi chiyembekezo cha mawa ake ndi a banja lake. Akakhala ndi kwawo, kumene akasowa tsiku limodzi anthu amafunsa. Akamaona tanthauzo la moyo wake m'mbiri ya anthu ake ndi m'chilengedwe. Ndiponso akakhala ndi chodzukira m'mawa, kaya sukulu, ntchito, kulera mwana kapena kutemera agogo nkhuni.

Murray Sinclair ankakonda kunena kuti mwana aliyense ayenera kuthandizidwa kuyankha mafunso anayi: ndinachokera kuti, ndikupita kuti, ndili pano chifukwa chiyani, ndipo ndine ndani. Sukulu zija zinkayankha mafunso onsewa ndi mawu amodzi: manyazi.

A Inuit ali ndi ndondomeko yawoyawo, imene bungwe la Inuit Tapiriit Kanatami motsogozedwa ndi Natan Obed linakhazikitsa mu Julaye 2016. Anasankha kukaikhazikitsira ku Hebron, ku Labrador, mudzi umene anthu ake anasamutsidwa mokakamiza mu 1959. Malowo okha anali uthenga.

Pa ntchito yeniyeni amachita chiyani? Kapena ndi misonkhano basi?

Zambiri zimachitikira kutchire ndi panyanja. Tengani Nain, mudzi wa kumpoto kwa Labrador. Atataya achinyamata angapo motsatizana, mu 2012 anayambitsa ntchito yophatikiza anyamata ovutika ndi alenje odziwa. Mnyamata amakwera kumbuyo kwa njinga yamoto yoyenda pa chipale, amaphunzira kuwerenga madzi oundana kuti apa ndi polimba apa ndi pangozi, kutchera nsomba, kusaka, kusenda nyama zala zisanaume ndi kuzizira. Pobwera, nyamayo imakalowa mu firiji ya mudzi, ndipo mnyamata yemweyo ndi amene amakagogoda pakhomo pa nkhalamba kukapereka gawo lake.

Pa khomo limenelo ndi pomwe pali mankhwala. Mwana amene mudzi wonse unkamudziwa ngati wovuta waima ndi phukusi la nyama m'manja, ndipo gogo akumuthokoza pomutchula dzina ndi la agogo ake amene anamwalira. Palibe amene watchula mawu akuti uphungu tsiku lonse. Koma kukamba kumachitika: amuna ambiri amene sangatsegule pakamwa mu ofesi ya mipando iwiri yoyang'anizana amayankhula ali chogwada pa ukonde, maso ali pa ntchito.

Kwina amakhala mozungulira, nthenga kapena kamtengo kakuyenda dzanja ndi dzanja, ndipo woyankhula ndi yekhayo amene wagwira. Ena amafukiza masamba onunkhira popemphera, ena amalowa m'kanyumba ka nthunzi ya miyala yotentha, ena amasoka nsapato za chikopa kapena kupanga ng'oma. Kugombe la Pacific, kuyambira 1989, mitundu yambiri inadzutsanso maulendo a mabwato akuluakulu, opalasa masabata angapo popanda mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Si onse amatsata miyambo yakale. Midzi yambiri ya Cree ndi Inuit ndi ya Akhristu olimba, ndipo kumeneko nyimbo za m'tchalitchi m'chiyankhulo chawo zimagwira ntchito yomweyo.

Pali chovuta chatsopano. Nyengo ikutentha, madzi akuchedwa kuundana, ndipo anthu amatha masabata atatsekeredwa m'mudzi. Ashlee Cunsolo, amene anafufuza ndi anthu a ku Rigolet, mudzi wina wa ku Labrador, analemba za chisoni chimene anthu amamva akalephera kupita kumalo kumene mtima wawo umapumira.

Ndiye kuti madokotala ndi mankhwala a kuchipatala alibe ntchito?

Ali nayo. Munthu amene akumva mawu m'mutu, kapena amene wakhumudwa mpaka kusiya kudya, afunika dokotala, ndipo akuluakulu ambiri a miyambo ndi oyamba kunena zimenezo. Albert Marshall, mkulu wa mtundu wa Mi'kmaq, anaphunzitsa za kuona ndi maso awiri: diso limodzi nzeru za makolo, lina nzeru za kusukulu, onse otsegula nthawi imodzi. Dandaulo la eni nthaka si lakuti chipatala chichoke. Ndi lakuti chilipo chochepa, chili kutali, ndipo nthawi zina chimawalandira monyoza. M'midzi yambiri ya kumpoto mulibe msewu, muli anamwino ochepa, ndipo wodwala kwambiri amakwezedwa ndege kupita ku mzinda kumene sadziwa munthu.

Kodi ng'oma ndi ulenje zingathetse vuto pomwe anthu alibe nyumba ndi madzi?

Sizingathetse, ndipo apa m'pofunika kukhala maso, chifukwa boma lililonse lingakonde kulipira msasa wa sabata imodzi kusiyana ndi kumanga nyumba 200. Oposa theka la a Inuit okhala kwawo kumpoto amakhala mothithikana. Mwana wa m'nyumba ya anthu khumi ndi angapo alibe pogona pabata, alibe polembera homuweki, alibe kothawira akuluakulu akayamba kukangana. Mudzi wa Neskantaga ku Ontario unauzidwa mu 1995 kuti uziwiritsa madzi akumwa, ndipo chenjezolo linapitirira zaka zoposa 25, m'dziko lolemera ngati Canada. N'chifukwa chake mfundo yoyamba m'ndondomeko ya a Inuit ija si uphungu koma kuthetsa kusiyana pa nyumba, chakudya, maphunziro ndi chuma.

Mu Epulo 2016 mudzi wa Attawapiskat, wa anthu pafupifupi 2,000 kugombe la James Bay, unalengeza kuti uli pangozi anthu 11 atayesa kudzipha usiku umodzi, ndipo oposa 100 anali atayesa kuyambira Seputembala. Atolankhani ndi alangizi anatsika m'ndege. Koma mlendo ndi mame. Achinyamata a kumeneko atafunsidwa chimene akufuna, anatchula zinthu wamba: malo awoawo osonkhanirapo, zochita akaweruka kusukulu, maulendo a kutchire ndi akuluakulu.

Nkhani ya Jordan River Anderson ikuonetsa mbali ina. Anabadwa mu 1999 ndi matenda ovuta, wa ku Norway House ku Manitoba. Ali ndi zaka ziwiri madokotala anati akhoza kukasamalidwa panyumba, koma boma la chigawo ndi boma lalikulu anakanganirana za amene alipire. Anamwalira m'chipatala mu 2005 ali ndi zaka 5, asanagonepo m'nyumba ya banja. Mu 2007 nyumba ya malamulo inavomereza mfundo yotchedwa dzina lake: thandizani mwana kaye, za ndalama mukangane pambuyo. Zinatengerabe Cindy Blackstock, womenyera ufulu wa ana a First Nations, ndi anzake kumenya mlandu zaka zambiri, mpaka mu 2016 bwalo la ufulu wa anthu linagamula kuti boma linkasala ana a First Nations powapatsa ndalama zochepa.

Achinyamata eni ake akuchitapo chiyani?

Mu Januwale 2013, pakati pa dzinja la kumeneko lozizira koopsa, David Kawapit ndi anzake asanu ndi wowatsogolera mmodzi ananyamuka wapansi ku Whapmagoostui, kumpoto kwa Quebec. Anayenda makilomita pafupifupi 1,600, kuposa kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa, ndipo pofika ku Ottawa pa 25 Malichi gululo linali litakula kufika mazana. Mu 2016 Kelvin Redvers ndi mlongo wake Tunchai, ochokera ku Northwest Territories, anayambitsa We Matter, kumene eni nthaka amajambula timavidiyo tachidule touza mnzawo amene wafooka kuti nawonso anadutsamo. Jordin Tootoo, Mwinuit woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya hockey ya NHL, amene mkulu wake anadzipha mu 2002, wakhala akuyendera midzi kukamba poyera za mowa ndi chisoni chake.

Kodi mudzi umene wagwa kwambiri ungadzukenso?

Anthu amaloza ku Alkali Lake, mudzi wa Esk'etemc ku British Columbia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pafupifupi munthu wamkulu aliyense kumeneko ankamwa mwauchidakwa. Mu 1972 mwana wa zaka 7 wa Phyllis Chelsea anakana kubwerera kunyumba ndi mayi ake chifukwa cha mowa. Mayiwo anakhuthula mowa wonse, ndipo patangopita masiku amuna awo a Andy Chelsea anasiyanso. Kwa nthawi yaitali anali okhaokha, akusekedwa. A Andy atasankhidwa kukhala mfumu anatseka njira za ogulitsa mowa mozemba, ndalama za chithandizo za omwa kwambiri anazisandutsa makuponi ogulira chakudya, ndipo munthu akapita kukalandira thandizo losiya mowa, anzake ankamukonzera nyumba kuti akabwera apeze posiyana ndi pomwe anasiya. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anthu a m'mudzimo ankati oposa 9 pa 10 aliwonse asiya.

Nkhaniyi ili ndi mchira umene okonda kuifotokoza amaudula. Mowa utachoka, zimene unkaphimba zinaonekera: nkhanza ndi kugwiriridwa kwa ku sukulu ya mishoni ya St. Joseph's ndi m'mabanja momwe. Ntchito yachiwiriyo inali yowawa kuposa yoyamba, ndipo ikupitirirabe.

N'chifukwa chiyani anthu ku Canada amavala malaya a olenji pa 30 Seputembala?

Ndi chifukwa cha Phyllis wina, Phyllis Webstad, amene anapita ku sukulu ya St. Joseph's yomweyo mu 1973 ali ndi zaka 6. Agogo ake, ngakhale anali osauka, anamugulira malaya atsopano a olenji oti akayambire sukulu. Tsiku loyamba anamuvula, ndipo sanawaonenso. Anafotokoza nkhaniyi poyera mu 2013, ndipo kuyambira 2021 tsikuli ndi la dziko lonse lokumbukira ana aja.

Ndili ku Canada ndipo ndimagwira ntchito ndi eni nthaka, kapena ndikudera nkhawa munthu wina. Ndichite chiyani?

Ngati ndinu namwino, mphunzitsi kapena wosamalira okalamba, yambani ndi kufunsa dzina la mtundu wa anthu amene mukuwatumikira ndi kuphunzira kulitchula bwino. Musafulumire kudzaza bata ndi mawu. Kwa ambiri kukhala chete ndi ulemu, monganso kusayang'ana wamkulu m'maso, chinthu chimene ife sitifunika kuchiphunzira. Gogo akakana kuvulidwa kapena kumetedwa tsitsi, kumbukirani kumene mwina anakulira.

Ngati mukuona kuti munthu akuganiza zodzipha, mufunseni mosapita m'mbali. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Mvetserani, musamudzudzule kapena kumulalikira, musamusiye yekha, chotsani pafupi zimene angadzivulaze nazo, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Ku Canada aliyense akhoza kuimba kapena kutumiza uthenga pa 988 usana ndi usiku, nambala imene inayamba kugwira ntchito mu Novembala 2023. Eni nthaka alinso ndi Hope for Wellness Helpline pa 1-855-242-3310, imene imayankha m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndiponso m'Chikree, Chiojibwe ndi Chiinuktitut munthu akapempha. Ngati mukuwerenga muli ku Malawi, pitani naye munthuyo ku chipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse namwino wa matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.